Zakuda za Nsama Pazenera la Ndege

Tsiku loyamba kukwera ndege, Nsama wa ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, anatsika ali ndi zinthu zitatu: kamera ya malemu mwamuna wake, chotupa pachipumi chimene kamerayo inamupatsa, ndi kathumba ka pepala kamene sitinena zimene zinali m'kati mwake.

Inu amene mumakonda nkhani za anthu otukuka, pepani. Iyi ikuyambira pa kathumbako.

Nsama anali mkazi wamasiye wa ana awiri aakazi, Elina ndi mng'ono wake. Mwamuna wake, Lemmy, anali wojambula vidiyo za maukwati. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wa madzulo, ndipo aliyense wochotsedwa ntchito ankadzuka m'mawa mwake ali dayirekitala wa kampani yokhala m'thumba la jekete. Lemmy atachotsedwa, anagula kamera ya paphewa, yaikulu ngati mwana wa mbuzi, yomeza tepi yonse ya vidiyo. Nsama ankamunyamulira batire ndi nyale. Lemmy akapita kukaona ngati mowa wa ukwati uli bwino, kamera inkatsala paphewa pa mkazi wake. Anaphunzira choncho.

Lemmy atamwalira, abale anabwera kudzalira, ndipo polira anayambira pa firiji. Wailesi yakanema inapita, mipando inapita. Kamera yokha inatsala, chifukwa Nsama anakhalira bokosi lake msonkhano wonse wa banja, nakana kudzuka.

Mkulu wake wa Lemmy, ba Dyton a ku Lilanda, anali munthu wa foni palamba ndi chikwama cha m'manja, ngakhale ulendo uli wokagula makala. Iwo ndiwo anatseka nkhani.

"Sungani kamera, mulamu. Koma siku yamene izakangiwa kudyetsa bana, nizabwera kubatenga. Ni magazi yathu."

Nkhondo ya Nsama inali imeneyo: kuti Elina ndi mng'ono wake azigona m'nyumba ya mayi wawo.

Anavala zakuda mpaka nthawi yake inakwana. Kenako azakhali a Lemmy, mayi wachikulire wosaseka chisawawa amene onse ankamutchula kuti bamayo, anasonkhanitsa banja. Anamuvula zakudazo pamaso pa onse, namumanga chitenje chamaluwa, nanena kuti maliro atha. Diresi lakuda ndi mpango wake zinapita pansi pa sutikesi.

Maliro anathadi, koma ntchito sinabwere. Anthu ankadziwa Lemmy. Mkazi wa Lemmy ankamukumbukira pa mapwando a azimayi okhaokha olangiza mkwatibwi, ndipo nawo anali apatalipatali. Ba Dyton ankabwera kudzacheza, pakamwa pali moni, maso ali pa nsapato za ana.

Mwayi unabwera utavala malaya oyera a mizere yagolide pamapewa. Anali ba Chisala, woyendetsa ndege, amene Nsama anawajambulira ukwati wa mwana wawo. Kale ankayendetsa ndege zikuluzikulu za boma. Kampaniyo itatsekedwa, anatsala ndi kandege kamipando isanu ndi umodzi, konyamula alendo oona nyama kupita nawo kumunsi kwa Zambezi. Ndege inachepa, koma mawu sanachepe. Ankalankhulabe ngati kumbuyo kwawo kuli anthu mazana atatu odikira tiyi.

Ba Chisala ankafuna vidiyo yokaonetsa ku chionetsero cha zokopa alendo, komanso munthu woti azijambula maulendo kuti alendo azigula tepi popita kwawo. Mpando wa pambali pawo nthawi zambiri unkapita wopanda munthu. Anauza Nsama kuti ayese.

Apa ndi pamene Nsama analakwitsa, ndipo analakwitsa mothandizidwa ndi Chawama yonse.

Kukomboni, wokwera ndege savala ngati wopita kuchigayo. Azimayi a mumsewu mwake anamuveka suti ya chitenje yachikasu ya maluwa ofiira, mpango waukulu woima ngati tambala, ndi zibangili mpaka m'chigongono. Za kamera panalibe zokambirana. Kukomboni kukula kwa kamera ndiye setifiketi ya wojambula. Anamuperekeza mpaka pokwerera basi ngati mkwatibwi.

Ba Chisala ataona kamera, anayang'ana chitseko cha ndege, nayang'ananso kamera.

"Madamu, iyi nayo tiipatse mpando wake?"

M'kati munali mothina kuposa minibasi ya madzulo. Nsama akatembenuzira kamera kumanja, inkagunda zenera. Akaitembenuzira kumanzere, inkagunda khutu la ba Chisala. Atafika pamwamba pa mapiri, mphepo inaitukula ndege n'kuigwetsa, kamera inamupatsa moni pachipumi. Ataona njovu pansi, anachita zimene ankachita pa ukwati akaona mphete: anadina batani lokokera zinthu pafupi. Njovu zinayamba kuvina, mimba yake inavina nazo. Za kathumba mwamva kale.

Tepi anaionera mu ofesi ya ba Chisala. Mtsinje unalimo, inde, koma kuseri kwa maluwa ofiira. Zenera la ndege linali litasanduka kalilole. Pamwamba pa Zambezi panali suti yachikasu, pamwamba pa njovu panali zibangili, ndipo mvuu zinkatuluka m'mpango wa Nsama. Phokoso linali la injini yokhayokha.

Ba Chisala anazimitsa.

"Ninakutumani kukopa Zambezi. Mwanikopela chitenge."

Nsama anasisita chotupa chake.

"Nizaitana chabe bazungu ba ku Joni," anatero ba Chisala. "Ni nchito yao."

"Bazungu ba ku Joni banabadwila mu ndeke?"

"Iyayi."

"Ndiye na ine nipaseni futi mupando."

Ba Chisala anakonza mizere ya paphewa, nayang'ana kudenga monga amachitira anthu akuluakulu pofuna kuoneka kuti chifundo chikuwavuta. Anati mwezi wotsatira kuli ulendo wina wa m'mawa. Ukalephera umenewo, asadzaonanenso.

Nsama anabwerera ku Chawama madzulo, suti itakwinyika. Amene anamuperekeza m'mawa anamufunsa za ku Zambezi. Iye anati kuli madzi ambiri.

M'mawa mwake ananyamula kamera ija kupita nayo ku Kamwala, kwa ba Abdulhamid, mwana wa telala wochokera ku Malawi. Ankakonza mawailesi ndi kugulitsa makamera akale m'kashopu kopanda malo otembenukira. Anamvetsera nkhani yonse akusisita ndevu.

"Mayi, iyi ndi kamera yaulemu. Koma ulemu umafuna malo. Mundege mulibe malo."

Anatulutsa timakamera tating'ono, togwira ndi dzanja limodzi, ta timatepi tonga bokosi la machesi. Anati angasinthane. Nsama anayang'ana timakamerato, nayang'ana yake ija, imene anaikhalira msonkhano wonse wa banja. Mtima unamuwawa. Koma anafunsa funso la munthu amene chipumi chamuphunzitsa.

"Nizaziba bwanji yamene siopa kugwedezeka?"

"Mukaiyese mundege."

"Ndeke nilibe. Koma ku Chawama tili na museu."

Ba Abdulhamid sanali munthu wolola katundu wake kuchoka yekha pashopu. Choncho anthu a m'minibasi za ku Chawama anaona zachilendo: mayi pampando wakutsogolo ataloza kamera pazenera, ndi bambo wa kofia kumbuyo kwake atakumbatira chikwama ngati khanda, akutchula dzina la Mulungu pa dzenje lililonse. Msewu umenewo unali utaiwalika kalekale. Mphepo ya pamwamba pa mapiri inalibe chimene ikanaphunzitsa maenje ake.

Kamera imene Nsama anaikonda poyamba inali yasiliva, yonyezimira, yolembedwa manambala akuluakulu pambali odzitama kuti imakoka chinthu kuchokera kutali kwambiri. Inkakokadi. Inkakoka ndi dzenje lomwe. Pa tepi, nyumba za Chawama zinkalumpha ngati zaponda moto. Ina inali ndi khalidwe la miseche: m'malo moyang'ana kunja, inkangoyang'ana tizilombo tofera pagalasi, ndipo panalibe njira yoiletsera.

Inatsala yakuda, yokandikakandika, imene ba Abdulhamid anaigula kwa m'busa wina wobwerera kwawo. Inali yosakongola. Koma inali ndi kamphete kozungulira ndi chala kouza diso lake kuti liyang'ane patali n'kukhala pomwepo. Inkaona malo aakulu popanda kubwerera m'mbuyo. M'kati mwa lensi munali kachipangizo kogwira chithunzi kuti chisanjenjemere. Inalinso ndi kabowo kolowetsapo maikolofoni yapadera.

Nsama sanakhutire ndi minibasi yokha. Anapita nayo kuchigayo, nakhala pabenchi yogundana ndi injini, azimayi odzagayitsa akumuyang'ana ngati wadwala. Kumeneko anaphunzira kuti kamera isakhudze chitsulo chilichonse chonjenjemera, zigongono zikhale m'nthiti, thupi ndilo limeze kugwedezeka. Anaphunziranso kuti batani lokokera pafupi ndi la pa ukwati. Alisiye pansi.

Chinatsala ndi kalilole uja. Ngakhale m'minibasi, bulauzi yake yoyera inkaonekabe pagalasi. Tsiku lina kunazizira, dalaivala anamubwereka jekete lake lakuda. Poonera tepi ya tsikulo, Nsama anadzifunafuna pagalasi osadzipeza. Panali msewu, misika, ana asukulu, koma iye panalibe. Anabweza tepi kawiri.

"Galasi siliona chakuda," anatero ba Abdulhamid.

Nsama anakumbukira pansi pa sutikesi.

Anasinthanitsa kamera tsiku lomwelo. Analowa mushopu ndi katundu wa paphewa, anatuluka ndi kanthu kolowa m'chikwama cha m'manja. Chawama sinachedwe kuweruza. Mayi wina amene anali atamulonjeza ukwati wa mwana wake anabwera kudzaona yekha.

"Mwana wanga akwatiliwe pa kamera monga sopo? Bantu bazakamba kuti tavutika."

Ntchitoyo inapita kwa mnyamata wa kukomboni ya John Howard amene kamera yake inali yaikulu, ngakhale inkajambula anthu onse obiriwira.

Kenako Nsama anatulutsa diresi lakuda, nalichapa, naliyanika pachingwe. Msewu wonse unaima kuyang'ana. Atalivala kukayesera kamera m'minibasi, kondakitala anamupepesa maliro ndipo anakana kumulipiritsa.

Ba Abdulhamid anamulangiza mwaulemu. "Mayi, bwanji osaliika m'chikwama, mukavalire kubwalo la ndege? Anthu sadziwa, inu mwajambula, nkhani yatha."

"Ningabise lelo. Nanga nikapasiwa nchito, nizabisa sabata iliyonse? Nchito yamene niyenda nayo mobisa monga kachasu, si nchito."

Nkhani inafika ku Lilanda isanakwere basi. M'mawa wa ulendo wachiwiri, Nsama potsegula chitseko anapeza ba Dyton atakhala pa mpando wa panja, chikwama pamiyendo. Anamuyang'ana kuyambira pa mpango wakuda mpaka ku nsapato.

"Mulamu, nindani wafa?"

"Kulibe."

"Kamera ya mufana wanga mwagulitsa. Manje mwavala futi vakuda, pamene bamayo banakuvulani pa menso pa bantu. Mufuna bantu bakambe chani? Kuti banja yathu sitinasilize mwambo? Kapena muitana imfa inangu? Na kukwela nayo ndeke."

"Ni ya windo, ba Dyton. Windo siona chakuda."

"Windo." Ba Dyton anatchula mawuwo ngati akulavula fupa. "Ngenani muvule. Mukayenda so, muzapeza bana kulibe."

Elina anali ataima pakhomo ndi mswachi m'manja, mng'ono wake atamugwira siketi. Nsama anawayang'ana. Akanavula, ana akanagona pakhomo usiku umenewo, ndi wotsatira, mpaka tsiku limene ba Dyton akanabwera ndi chifukwa china, cha nsapato kapena cha sukulu. Ndege inali yonyamuka mphepo isanadzuke.

"Pamene ninavala ivi kulila mufana wanu, munati nili na ulemu. Lelo navala kuti bana bake badye."

Anagwada, nauza Elina kuti akapita kulikonse asaiwale mabuku, ndi kuti amayi abwera kudzawatenga. Kenako anadutsa pambali pa ba Dyton ndi chikwama chawo. Misozi inayambira pokwerera basi. Popeza anali atavala zakuda, palibe amene anadabwa.

Ba Chisala atamuona, anachotsa chipewa.

"Pepani, madamu. Sininamve."

"Kulibe wafa, ba Kaputeni. Tiyeni."

Nsama anapempha chinthu chimodzi: kuti alowetse kamaikolofoni kake m'kati mwa zomvera za kukhutu, zimene anthu a mundege amalankhulirana. Ba Chisala atamva kuti mawu awo ndiwo alowa mu tepi m'malo mwa injini, anatsokomola kukonza kukhosi.

Ulendo uno Nsama sanatseke diso limodzi monga ankachitira posuzumira m'kamera yakale. Anatsegula kachitseko koonerapo ka pambali pa kamera, natafuna jinja, nayang'ana patali mimba ikayamba nkhani. Lensi anaisendeza pafupi ndi galasi osaligunditsa. Lusaka inatsalira m'mbuyo ndi malata ake. Mapiri anabwera, anatsika, ndipo Zambezi inatseguka pansi pawo, yotakata, ya zilumba zamchenga, njovu zikuwoloka pamzere, ana pakati. Chala chinkafuna batani lija. Anachikaniza. Anapempha ba Chisala kuti azungulire kachiwiri, ndege ndiyo isendere pafupi.

Anafika kunyumba masana. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali kwa mnansi. Mayunifomu a ana panalibe pachingwe.

Sanathamangire ku Lilanda. Anadziwa kuti wopita chimanjamanja kumeneko amakapepesa, ndipo wopepesa amabwerako yekha. Zimene zinali mu tepi zinali nyama yaiwisi. Zinkafunika kudulidwa ndi kulumikizidwa pa kompyuta, ndipo iye kompyuta ankangoiona ku banki.

Anapita kwa Towera, mnzake wa kutchalitchi, amene kale anali sekeletale pa kampani ya boma. Tsopano anali ndi kashopu m'tauni kotayipira anthu makalata ofunsira ntchito zimene kunalibe. Ba Abdulhamid anabwera kudzalumikiza kamera ku kompyutayo ndi chingwe chake. M'bokosi la chingwecho munali kadisiki ka pulogalamu yodulira vidiyo, kosaoneka bwino, kopanda ndi chithunzi chomwe.

Towera sanakakhulupirire. Anatuluka, nabwera ndi disiki ya kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, ya chikuto chonyezimira.

"Iyi ndiye basebenzesa ba mafilimu ya ku America. Wogulitsa walapila."

Pulogalamuyo inalidi ya anthu akuluakulu. Inkatenga nthawi kudzuka, ndipo ikadzuka inkafuna ulemu. Inali ndi mitima, nyenyezi, moto, makatani otseguka, ndi nkhunda. Azimayi awiriwo anakulira pa vidiyo za ukwati, kumene chithunzi sichichoka popanda kutembenuzika katatu. Anaika mtima pozungulira mapiri. Anaika nkhunda ziwiri pamwamba pa njovu.

Poonera, zinaoneka ngati nkhunda zikuba njovu.

"Chosako imozi," anatero Towera. "Imozi chabe ingakwanise."

Asanachotse, kompyuta inauma. Anaizimitsa, nayambiranso. Inaumanso. Tsiku lotsatira magetsi anaphethira, ntchito ya m'mawa wonse inapita. Nsama ankabwerera ku Chawama kukagona m'nyumba yopanda phokoso la ana, m'mawa n'kudzapezanso nkhunda zitaima pamalo omwewo.

Pomaliza Nsama anatulutsa disiki yonyezimira ija, naiika pansi pa kapu ya tiyi.

"Tiyese ka mu bokosi."

Kapulogalamuko kankadziwa zinthu zochepa. Kankadula, kankalumikiza, kankaika mawu pansi pa chithunzi, ndipo kankasunga ntchito kokha munthu asanakumbuke. Magetsi akapita n'kubwera, ntchito inkapezeka pomwe anaisiya. Nkhunda kanalibe. Towera anadandaula kuti vidiyo ikhala ngati ndiwo zopanda mchere. Nsama anati amene walipira ndege kukaona njovu sanalipirire nkhunda.

Anadula ponse pamene dzanja linanjenjemera. Anadula pamene ba Chisala anayetsemula. Anatsitsa injini kuti izingong'ung'udza pansipansi, mawu a woyendetsa akhale pamwamba. Zimene anajambula m'mawa wonse zinatsala zazifupi, zoti munthu n'kuonera tiyi asanazizire. Kutaya zambiri chotero kunamuwawa, chifukwa pa ukwati sutaya nkhope ya munthu, mwini wake amadzaifuna. Koma mtsinje sudandaula.

Ba Chisala anaonera ataimirira, manja kumbuyo. Mawu awo atamveka akufotokoza za mapiri, anagwedeza mutu ngati akumva munthu wanzeru kwambiri. Itatha anati aibwezenso.

"Uyu wokamba aziba nchito," anatero.

Kenako anakumbukira kuti m'chipindamo muli munthu wina.

"Mupando ni wanu, madamu. Pa Chitatu na pa Chiwelu. Muzibwela na vakuda vanu."

Lamlungu Nsama anapita ku Lilanda ndi matepi awiri, atavala diresi lakuda lomwelo. Banja linali litasonkhana. Azakhali aja anakhala pa mpando waukulu, ba Dyton pambali pawo, foni ataichotsa palamba n'kuiika patebulo kuti nayo imve. Ana anamuona mayi wawo pazenera, koma anauzidwa kuti akhale kukhitchini.

Nsama anagwada, napereka moni kwa onse mmodzimmodzi. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ni ine ninakuvula ivi. Wanisandusa wa boza pa bantu."

"Chililo munanivula, bamayo, ndipo sichinabwele futi. Ivi ni va nchito. Nipempha muone."

Ba Dyton anayamba kufotokoza kuti nkhani ya mwambo siweruzidwa ndi vidiyo. Azakhali anakweza dzanja, iwo anamalizira chiganizocho m'mimba.

Nsama anayamba ndi tepi yoyamba, ya manyazi ija. Pabalaza panadzaza maluwa ofiira ndi phokoso. Mvuu zitatuluka m'mpango, mlamu wina wamkazi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Kenako anaika yachiwiri.

Azakhali anasendera kutsogolo kwa mpando. Anachokera kumpoto ali mtsikana, anakalambira mu Lusaka, koma Zambezi anali asanaionepo, ngakhale ali pansi. Njovu zitawoloka, anafunsa osachotsa maso.

"Manje iwe uli kuti?"

"Nilimo, bamayo. Koma sinioneka. Ndiye nchito ya chakuda."

"Bakupasa nchito?"

"Banipasa."

Azakhali anaonera mpaka tepi inatha, pagalasi n'kutsala mchenga wokhawokha. Kenako anafunsa funso limene ba Chisala, ba Abdulhamid ndi Nsama yemwe sanaliganizire.

"Iyo windo ikuona mpaka kuti? Na mendo?"

"Iyayi. Kuyambila mu chiuno kuyenda kumwamba."

Azakhali anadzuka pang'onopang'ono, namasula chitenje chawo chapamwamba, cha buluu ndi nsomba zoyera. Anamuimiritsa Nsama, namumanga m'chiuno, nakoka mfundo mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

"Kumwamba ni kwa windo. Pansi ni pathu. Bantu bakaona ichi bazaziba kuti sitinafe futi." Anatembenuka. "Dyton, longa vovala va bana."

Ba Dyton anatsegula pakamwa, nayang'ana foni yawo. Foni sinalire. Anapita kukalonga.

Madzulo amenewo Elina ndi mng'ono wake anakangana za bulangeti m'nyumba ya mayi wawo, ndipo Nsama anawasiya akangane.

Ntchito sinasanduke uchi tsiku limodzi. Panali masiku a mitambo pamene tepi yonse inali yotuwa. Panali alendo odwala mundege amene sankafuna chikumbutso chilichonse. Kathumba ka pepala sikanamusiyiretu, makamaka mwezi wa Okutobala. Koma vidiyo ija inapita ku chionetsero, ndipo oyendetsa ndege ena anayamba kufunsa za mayi wa zakuda wa ku Chawama. Anajambula Luangwa, anajambula minda ya alimi ofuna kuona chimanga chawo monga amachionera Mulungu. Anagula kompyuta yakeyake. Matepi atatha ntchito, anasamukira ku madisiki, ndipo kamera iliyonse yatsopano ankayamba waikweza minibasi asanaikweze ndege. Ana onse awiri anamaliza sukulu akuchokera pakhomo pa mayi wawo.

Ba Dyton masiku ano, pamaliro kapena pa ukwati, sachedwa kuuza anthu kuti m'banja mwawo muli wa zandege, ndipo kuti iwo ndiwo anamulimbikitsa. Tisawatsutse. M'njira yawo, anaterodi.

Tsono inu amene mwakhala pansi chifukwa ulendo woyamba munabwerako ndi chotupa, imvani. Kulephera koyamba kumabwera ndi uthenga, koma ambiri amathawa asanaumve. Bwererani mukaonere tepi yanu yamanyazi mpaka kumapeto, muone chimene chatchinga mtsinje. Mwina ndi chinthu chimene anthu onse a mumsewu mwanu anakuvekani ndi chikondi. Chivuleni. Chida chimene chikukupatsani ulemu koma sichikulowa pachitseko, chisiyeni panja. Adzaseka, adzaitanitsa misonkhano, ena adzakupepesani maliro muli moyo. Alekeni. Pemphani mpando kachiwiri, ndipo akakupatsani, fikani m'mawa mphepo isanadzuke. Mtima wokhawo musautaye.